Basi ya Achimwene Inanyamukira M'chipinda

Ngati mwafika potopa ndi kuyesa zinthu zosatheka, khalani pansi ndikuuzeni za mtsikana wina amene anthu amam'tchula kuti Kondakitala, ngakhale sanadulepo tikiti chibadwire.

Pamene nkhani yake ikuyambira, zinthu zinali zitathina. Mayeso omaliza a sekondale anali atalephera. Ntchito imene anapeza inali yosesa ndi kukolopa m'maofesi a kampani ina. Kunyumba kunali achimwene ake, atagona choyang'ana kukhoma.

Achimwenewo ndi amene anamulera makolo atamwalira. Anali dalaivala wa basi ya maulendo ataliatali, munthu wanthabwala, woti akayamba kuyankhula mumachita kum'pempha kuti apumeko. Mlongo wawoyo ali wamng'ono ankamukhazika pampando wakutsogolo sukulu zikatsekera, n'kumauza apaulendo kuti, "Musasewere naye uyu, ndi kondakitala wanga." Dzina linakanirira kuchokera pamenepo.

Kenako kunachitika ngozi. Achimwene anapulumuka, koma miyendo inaleka kugwira ntchito. Mpando wa matayala umene anapatsidwa kuchipatala unaima pakona mpaka unasanduka poyanika zovala. Nthabwala zinatha, chakudya chinkabwerera m'mbale, ndipo pamapeto pake anasiya kuyankhula. Dzina lakuti Kondakitala silinamvekenso m'nyumbamo. Adokotala anamuuza mtsikanayo mosabisa kuti munthu akangogona chonchi osafuna kudzuka, zilonda zakumsana ndi chibayo sizichedwa kum'peza. Iye ankaona yekha kuti achimwene ake akumuchoka pang'onopang'ono, ndipo mantha anam'gwira.

Tsiku lina akuweruka anadutsa pasitolo ya makompyuta. Pawindo panali munthu atagwira chiwongolero, akuyendetsa basi pa sikirini: msewu, zikwangwani, mvula pagalasi, zonse ngati zenizeni. Nthawi yomweyo mtsikanayo anaganiza za achimwene ake. Analowa n'kufunsa mtengo wa kompyuta yotha masewera otero. Anafunsa kamodzi kokha, sanabwerezenso.

Kuntchito kwake kunali chipinda chozizira kwambiri mmene munali maseva, makompyuta akuluakulu aphokoso amene amasunga ntchito zonse za kampani. Ankawasamalira abambo ena aimvi, okonda kung'ung'udza, amene aliyense ankawatchula kuti a Injiniya. M'mawa wina mtsikanayo anapeza maseva akale ataunjikidwa pakhonde, pomwe iye ankafuna kukolopa.

"Abambo, zimenezi zikupita kuti?"

"Kudzala, mwana wanga. Zakalamba ngati ine."

"Koma zimayaka?"

"Kuyaka zimayaka. Bwanji, ukufuna kutsegula banki?"

Anawafotokozera zonse. A Injiniya anasiya kung'ung'udza. Anapita kukapempha chilolezo kwa abwana, anachotsamo zosungira zinsinsi za kampani, ndipo anam'patsa bolodi lalikulu lolumikizirapo zipangizo zonse, mapurosesa awiri amene ali ubongo wa kompyuta, memori yodzaza envulopu, mafani ndi bokosi lake la magetsi.

"Mapurosesa awa sanapangidwire masewera," anatero. "Ndi ng'ombe zokoka ngolo, osati mahatchi a mpikisano. Koma ukapeza khadi la zithunzi, kachipangizo kothandiza kompyuta kuonetsa masewera, basi yakoyo iyenda."

Sabata yomweyo a Injiniya anapuma pantchito n'kubwerera kwawo kutali. Mtsikana uja anatsala ndi katoni ya zitsulo zimene sankadziwa n'komwe kuti kumutu n'kuti.

Koma munthu amene akufuna kupulumutsa m'bale wake ndi wamakani. Anzake akamapita kukadya masana, iye ankakhala pamasitepe ndi foni yake yosweka galasi, kuonera anthu akumanga makompyuta. Chimene sanamve ankachibwereza mpaka batire kutha. Anasiya kukwera galimoto popita kuntchito, ankayenda wapansi, mpaka anakwanitsa kugula khadi la zithunzi logwiritsidwapo kale, sikirini yakale ndi chiwongolero chokhala ndi mabatani oyendetsera ndi manja okha.

Zolakwitsa zinalipo, ndipo zina n'zoseketsa. Bolodi la seva ndi lalitali moti silinakwane m'bokosi lililonse la kompyuta wamba, choncho analimangirira ndi masikulu pathabwa la kabati yakale. Mafuta oyera opaka pa purosesa, amene amafunika kadontho chabe, iye anawapaka ngati majarini pa buledi, n'kukhalira kupukuta tsiku lonse. Zonsezi ankachitira patebulo la m'chipinda cha achimwene, popeza soketi yodalirika inali yomweyo. Iwo sanatembenuke ngakhale kamodzi.

Loweruka lina m'mawa zonse zinali m'malo mwake. Anapemphera pang'ono, n'kudina batani.

Mafani anakuwa ngati ndege ikunyamuka. Mayi a nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzagogoda, kufunsa ngati atsegula chigayo. Koma sikirini inali bii, yakuda. Mtsikanayo anadikira pang'ono, mantha anam'gwira kuti chinthucho chipsa, ndipo anazula pulagi.

Anamasula zonse, anamanganso. Anayatsa: phokoso lomwe lija, mdima womwe uja, iye n'kuzula pulagi. Anasinthanitsa mapurosesa. Anapukuta memori. Anabwereka chingwe china cha sikirini. Masabata anadutsa akuchita zomwezomwezo. Nambala ya a Injiniya anali nayo, koma manyazi anam'letsa kuimba. Akawauza bwanji kuti mphatso yawo waipha ndi manja ake? Mumtima ankangoti, wolephera mayeso ndi wolephera basi, tsache ndiye mulingo wanga.

Madzulo ena dzuwa lisanalowe anabweretsa katoni ija kuti alongedze zonse, akapereke kwa ogula zitsulo zakale. Anadina batani komaliza, kongotsanzikana. Mafani anakuwa. Sikirini inali bii. Misozi ikutsika, anatambasula dzanja kuti azule pulagi.

"Usazimitse."

Mawuwo anali osasa, a munthu amene wakhala nthawi osatsegula pakamwa. Anacheuka. Achimwene anali atatembenuka, akuyang'ana patebulo.

"Mwati bwanji, achimwene?"

"Ndati usazimitse. Masabata onsewa ndakhala ndikumvetsera. Chikayamba chimakuwa, kenako mawu amayamba kutsika, ndiye iwe pomwepo n'kuchipha. Injini yakufa siisintha mawu. Basi yakale kukazizira m'mawa sumangoiliza n'kunyamuka, umaisiya itenthe kaye. Chotsa dzanja pamenepo."

Anachotsa dzanja. Anadikira awiriwo, nthawi yoti madzi akanawira pamoto. Phokoso linatsika, linatsikabe, mpaka linakhala kamphepo chabe. Kenako panamveka kaphokoso kakang'ono, ndipo pa sikirini panatuluka zilembo zoyera.

Mtsikanayo anakhala pansi n'kuyamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Sankadziwa choti ayang'ane, sikirini imene yayaka kapena achimwene amene ayankhula.

Atalimba mtima n'kuwaimbira a Injiniya, mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndakulakwira, mwana wanga, ndinaiwala kukuuza. Seva ikayatsidwa imayamba yafufuza memori yake yonse isanaonetse kanthu. Ife tinazolowera, timayatsa n'kupita kukamwa tiyi." Chinthucho chinali chamoyo kuyambira tsiku loyamba lija.

Masewera atalowetsedwa m'kompyutamo, achimwene analoza pakona. "Tachotsa zovala pampandopo." Aneba anathandiza kuwanyamula. Achimwene anagwira chiwongolero, ndipo ulendo woyamba anakagunda chikwangwani chakutsogolo kwa depoti.

"Mabuleki ake ndi abodza awa," anatero, nkhope ili gwa.

Anayambiranso. Ulendo uno anaimika basi bwinobwino pasiteji, apaulendo a pa sikirini n'kukwera. Ndiye, osacheuka, maso ali pamsewu, anati, "Kondakitala, tseka chitseko, tikunyamuka."

Dzina lija linabwerera m'nyumba, ndipo tsiku limenelo mbale inabwerera kukhitchini ili yopanda kanthu.

Sindikunamizani kuti miyendo inachira, ayi, siinachire. Koma munthu amene wadzuka chifukwa cha basi ya pa sikirini sachedwa kufuna zambiri. Anayamba kuchita zolimbitsa thupi zimene adokotala ankawachonderera. Anayamba kufunsa kuti waya uyu akupita kuti, chitsulo ichi ntchito yake n'chiyani. Mwamuna wa mayi a chigayo aja ataona basi ikuyenda, anapempha kuti am'mangire kompyuta yake. Kenako anabwera mnzake, kenako mnzake wa mnzakeyo.

Lero awiriwa ali ndi kashopu kawo m'mbali mwa msewu. Kondakitala anatula pansi tsache. Amayenda m'makampani kugula maseva amene atha ntchito, ndipo palibe amene angam'pusitse pa nkhani ya purosesa. Achimwene amakhala patebulo kumanga makompyuta, ndipo fani yodwala amaidziwa ndi khutu asanatsegule n'komwe. Makasitomala amawauza chilungamo: makina awa amadya magetsi, ndipo masewera atsopano kwambiri amawalemera, koma kwa munthu wochepa thumba ndi ng'ombe yokhulupirika. Vuto latsala ndi limodzi, kulongolola kwa achimwene kunabwerera konse, moti wogula amachita kuthawa nkhani ili pakati.

Aliyense wogula amatuluka ndi langizo limodzi kuchokera kwa achimwene: "Mukayatsa, musapupulume. Ipatseni nthawi."

Inu amene mukuwerenga, mwina pali chimene mwachimanga ndi misozi koma sichikuonetsa kanthu. Mwina ndi ntchito, mwina sukulu, mwina ndi m'bale wanu amene wayang'ana kukhoma ndipo mukuganiza kuti sakukumvani. Achimwene aja ankamva zonse, tsiku lililonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musathamangire kuzula pulagi. Dikirani pang'ono, ndipo osataya mtima.