A Dattaram a pa Mpopi

A Dattaram Pednekar anali osita zovala, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri anali munthu yekhayo m'Bombay monse amene sanaonepo Kedar Talpade akumenya mpira wa kiriketi. Maso anali nawo abwinobwino. Anangoletsedwa basi.

Ankakhala ku Girgaon, m'chinyumba cha Bhimji, mmene chipinda chilichonse ndi banja, khonde ndi limodzi, ndipo mpopi ndi umodzi kumapeto kwa khondelo. Anabwera kuchokera kumudzi ali mnyamata, atanyamula simbi ya makala ya malemu bambo awo. Anakwatira a Sulochana, mayi wa mawu ochepa, nabereka mwana mmodzi, Meena. Palibe ankawawerengera. Anthu ankangoponya mtolo wa zovala pakhomo n'kunena kuti, "Mawa, Dattu," osadikira yankho.

Zinasintha tsiku limene Talpade anayamba kusewerera dziko, ali kamnyamata koonda ngati nsungwi. Nthawi imeneyo wailesi ya kanema inali imodzi m'chinyumba chonse, kwa a Joglekar, kalaliki wa kunjanji amene aliyense ankawatchula kuti Kaka. Anthu anadzaza m'chipindamo mpaka pawindo. Talpade akulowa m'bwalo, mpopi unayamba kutsokomola, kusonyeza kuti madzi abwera, ndipo madzi a ku Girgaon sadikira munthu. A Sulochana anangowayang'ana amuna awo, a Dattaram n'kunyamuka kukatenga ndowa. Madziwo ankangodontha, zotungira zinali zambiri, ndipo atamaliza anapeza pakhomo pa a Kaka palibe polowera. Dzuwa likupendeka chinyumba chinagwedezeka: kamnyamata kaja kakwanitsa marani handiredi, zigoli za kiriketi, pa masewera ake oyamba.

Masewera otsatira a Dattaram analawirira, nakhala kutsogolo kwenikweni. Mpira woyamba unamudutsa Talpade osaukhudza n'komwe, n'kukagwetsa timitengo kumbuyo kwake. Watuluka wopanda kanthu.

Kenako a Kaka anavula magalasi.

"Tadikirani kaye. Ulendo watha uja, ndani kunalibe muno?"

Makosi onse anatembenuka.

"Ndinali ku mpopi, Kaka," anatero a Dattaram.

"Nanga lero mpopiwo wasamuka?"

Mwambo unayamba choncho. Talpade akangovala chipewa, a Dattaram ankatenga ndowa n'kukaima pa mpopi, madzi akutuluka kapena ayi. Si iwo okha anali ndi udindo. A Kaka ankavala vesiti imodzimodzi yosachapa kufikira masewera atatha, aliyense ankakhala pamene anakhala tsiku loyamba lija, ndipo malo a a Sulochana anali pakhomo, pafupi ndi kabati yachitsulo ya a Kaka yokhala ndi galasi lalitali pachitseko. Ngakhale pamene banja lililonse linagula kanema wake, kiriketi ankaonerabe kwa a Kaka. Banja la Pednekar lokha ndilo linapemphedwa, mwaulemu ndithu, kuti lisagule.

Poyamba a Dattaram ankaona ngati nthabwala yokoma. Ku mpopiko kunkabwera tiyi wamkaka ndi mavada, timabanzi ta mbatata totentha, ndipo dzina loti Dattu linafa. "A Dattaram, dziko likudalira inu," ankatero a Kaka powapatsira mbale. Munthu amene kale ankangomuponyera mtolo tsopano ankamufunsa mmene wadzukira, makamaka masewera akayandikira. Atadwala malungo, anthu anayi anawanyamula pampando n'kukawakhazika pa mpopi, atawafunditsa bulangete, ndowa ili pamwendo.

A Dattaram anamudziwa Talpade ndi makutu. "Aaa!" wamfupi, ndiye kuti mpira wamuphonya pang'ono. Kumenya matebulo, ndiye kuti wafika kumalire, marani anayi. Kukakhala chete kenako n'kumveka akazi a Kaka akugubuduza mapoto, ndiye kuti watuluka. Nkhope yake ankaiona tsiku lililonse pa zikwangwani, akutsatsa sopo, mabisiketi ndi matayala. Koma kumenya ayi. Ngakhale zobwereza za pa nkhani anawaletsa, chifukwa tsiku lina anasuzumira m'sitolo ya mawailesi, mawa lake Talpade n'kutuluka ndi marani atatu.

Anagalukirapo kamodzi, chaka cha khumi ndi chimodzi. M'mawa mwake a Kaka anali atawazazira chifukwa cha kolala wopsa, mpaka kuwatchula kuti Dattu. A Dattaram anaima pa mpopi akufufuma, kenako anaika ndowa pansi n'kuyenda molunjika kwa a Kaka. Talpade anali pa marani makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi anayi, limodzi lokha kuti akwane handiredi. Phazi lawo litangoponda pakhomo, asanaone kalikonse, mapoto anagubuduka. Sabata yonse palibe anawapatsa moni. Choopsa n'chakuti iwonso anakhulupirira. A Sulochana anawapeza akusita, misozi ikugwera pa simbi n'kumati tsii. Kuyambira pamenepo sankafunikanso kutumidwa.

Zaka zinapita. Meena anakwatiwa ku Pune, simbi ya makala inasanduka yamagetsi, Talpade anamera imvi, maondo ake n'kuyamba kudandaula. Kenako analengeza kuti masewera ake omaliza adzakhala kwawo ku Bombay konkuno.

A Dattaram anapita kwa a Kaka chipewa chili m'manja.

"Kaka, mpira umodzi wokha. Ndingosuzumira n'kubwerera."

"Umodzi? Uja munatilanda uja sunali umodzi? Pirirani, akangosiya ndikubwerekani makaseti onse, muonere mpaka maso atupe."

"Kaseti ndi mpunga wa dzulo, Kaka."

"Mpunga wa dzulo sunaphepo munthu. Dziko likudalira inu."

M'mawa wa tsikulo a Sulochana anaona amuna awo akusita malaya amodzimodzi kachitatu.

"Bambo a Meena, malayawo akulakwirani chiyani?"

"Amati Talpade akaumenya mpira wa kutsogolo uja, bondo limagwada ngati ali m'kachisi. N'zoona?"

"N'zoona."

"Basi. Ndimangofunsa."

A Sulochana anapinda malayawo. Amuna awo akutenga ndowa, ndi pamene anati, "Lero muime cha kumanzere kwa mpopi. Kumanjaku kuli ndere, mungaterereke."

A Dattaram atafika anayang'ana pansi. Ndere kunalibe, simenti inali youma gwa. Koma zaka makumi atatu za ukwati zinali zitawaphunzitsa kuti mkazi wa mawu ochepa akalankhula, safunsidwa chifukwa. Anaima kumanzere.

M'chipinda muja maso onse anali pa kanema. A Sulochana anakoletsa nsonga ya sari, nsalu yawo yovala, pa chogwirira cha kabati, n'kuweramira kutsogolo pang'onopang'ono ngati munthu amene masewera amukoka mtima. Chitseko cha kabati chinatseguka, galasi n'kuyang'ana kukhonde. Ali pa mpopi paja, a Dattaram anaona kuwala, kenako udzu wobiriwira, kenako kamunthu kovala zoyera kakukonza chipewa.

Anafuna kutseka maso. Anatsekadi limodzi. Mpira woyamba unabwera, kamunthu kaja kanautchinga, ndipo mapoto sanagubuduke. Anatsegula linalo.

Tsiku limenelo madzi anabwera, ndowa inadzaza n'kusefukira pa mapazi awo, iwo osamva. Anaona phazi likupita kutsogolo, bondo likugwada, mpira ukuthamanga pa udzu ngati wotumidwa, ndipo kwa nthawi yoyamba anadziwa chimene matebulo aja ankamenyedwera. Atamva mapazi a wobweretsa mavada anayang'ana kudenga, n'kulandira mbale ndi nkhope ya munthu wozunzika.

Talpade anatuluka pa marani makumi asanu ndi atatu kudza asanu ndi atatu. A Sulochana anakankha kabati ndi chigongono, anthu akulira ndi kuomba m'manja.

Madzulo onse anakhala pakhonde akumwa tiyi. Mlandu wa marani khumi ndi awiri otsalawo unali utagwera kale mkamwini wa a Kaka, amene anayetsemula pa nthawi yolakwika. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma anthu anayamba kukumbutsana mmene Talpade anamenyera, ndipo a Dattaram, amene zaka zonsezi ankangomvetsera, chinawakanika. Anatola ambulera.

"Koma uja wokwanitsira makumi asanu uja! Phazi apa, bondo pansi, phaa!"

Anthu anaseka. A Kaka sanaseke.

"Tabwerezani."

Anabwereza, mokoma kuposa poyamba.

"A Dattaram, mumasita ndi dzanja liti?"

"Lamanja."

"Talpade amamenyera mbali iti?"

"Yamanja, nanga ndani sadziwa?"

"Ndiye mwaimiranji ngati wamanzere?"

Ambulera inatsika pang'onopang'ono. A Kaka anakalamba akugwira zolakwa za anzawo kunjanji. Maso awo anachoka pa mpopi, anayenda ndi khonde, analowa pakhomo, anaima pa galasi la kabati, losandutsa kumanja kukhala kumanzere, kenako anatera pa a Sulochana, amene anali otanganidwa kwambiri kuyang'ana m'kapu mwawo.

"Mlamu," anatero a Kaka, "kuyambira pati?"

"Mpira woyamba, Kaka."

Pakhonde panabuka phokoso. Ena ankati atibera handiredi, ena ankati taonani, munthu wamenya marani onsewo uyu akuonerera, ndiye zaka zonsezi tinkachita chiyani? Mkamwini uja ankafuna apepesedwe. A Kaka anangogwira mutu.

"Mavada onse aja, Dattu iwe!"

"Anali okoma, Kaka," anatero a Dattaram. "Kungoti mchere unkachepa."

A Dattaram anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi chimodzi, akusita mpaka sabata yomaliza. Makaseti a a Kaka anakana kuonera. Aliyense wobweretsa zovala ankamusonyeza bondo lija, nthawi zonse chamanzere, ndipo womukonza ankamuyankha kuti, "Inu munaona zanu, ine ndinaona zanga."

Koma chimene m'chinyumba cha Bhimji amakumbukira kwambiri ndi chaka chotsatira. Kunabwera mnyamata watsopano m'timu, ndipo a Dattaram anali atakhala kutsogolo, miyendo atatambasula. A Kaka, amene ukalamba unali utayamba kuwatumatuma kuseri, anatuluka pang'ono. Ali konko, mnyamatayo anamenyera mpira kunja kwa bwalo kawiri motsatizana. Atabwerera n'kukhala pansi, mapoto anagubuduka.

A Sulochana, amene chikwatiwire sankakonda kulankhula pagulu, anakhosomola.

"Pepani. Posachedwapa, ndani kunalibe muno?"

A Dattaram ananyamuka okha kukatenga ndowa, naipereka ndi manja awiri.

"Dziko likudalira inu, Kaka. Muime cha kumanzere."

Kabati ija a Kaka anali ataikhoma okha ndi loko.