A Bwerezani ndi Tepi Imene Anafufuta

Ana a sukulu zaukachenjede sandipatsa mpata. Amabwera pashopu yanga awiriawiri, timabuku m'manja, kudzandifunsa za a Bwerezani, bambo wojambula mafilimu amene anachita lendi chipinda cha kuseri kwa shopuyi zaka makumi awiri ndi zitatu. Dzinali tinawapatsa ndife. Munthu ungoyenda kuchoka pakhomo kukafika pawindo, iwo, "Bwerezani." Kakhumi, kakhumi ndi kasanu, mpaka miyendo kuwawa.

Kunena zoona, mafilimu awo ine ankandigonetsa tulo. Onse asanu ndi anayi nkhani yake inali imodzi: mayi ali m'chipinda, wafulatira kamera, akusita kapena akupukuta mbale, uku akuimba chapansipansi kanyimbo kopanda mawu. Nkhope osaoneka mpaka filimu kutha. Koma ana ajawo, ee! Amaonera filimu imodzi kasanu, kenako n'kumakangana mpaka thukuta kuti ikutanthauza chiyani. Msana umene amakanganiranawo ndi wanga. Ine ndine telala, za mafilimu sindinaziphunzire. Bambowo anangondiona tsiku lina ndikuyanika nsalu, basi ntchito ndinaipeza.

Kumene anachokera palibe ankadziwa, ndiye aliyense anawapangira mbiri yake. Ena amati anali msilikali, anaona zoopsa, n'chifukwa chake ankaopa nkhope za anthu. Ena amati anali wansembe amene anathawa ndi mkazi wamwini. Wometa wa pafupi nafe, amene pakamwa pake sipatsekeka, amalumbira kuti anakhalapo kundende, poti ankadya ataimirira atayang'ana khoma. Mwini wakeyo nayenso ankachita kuonjeza. Jekete laubweya dzuwa likuswa mtengo. Akaona tepi ya vidiyo, ngakhale ya mwini, ankathyola kalilime kake kapulasitiki kuti munthu asadzajambulirenso china pamwamba. Ukawafunsa za kwawo, ankangokuyang'ana ngati wawaponda chala.

Ine zenizeni ndinazimva kuchipatala, masana ena nditawapititsira zovala zochapa. Anali atatha, manja ngati timitengo.

"Mayi telala, khalani pansi," anatero. "Ndili ndi mwana wamkazi."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa chikwama. Zaka zonsezi, chipupa chimodzi, osanenapo!

Anandiuza kuti kale ankajambula maukwati. Mkazi wawo anamwalira mwana ali ndi zaka ziwiri, ndipo chimene chinatsala chinali tepi imodzi yokha imene anamujambula akugwira ntchito m'nyumba. Loweruka lina tepi inawathera pakati pa ukwati wa anthu. Anapisa m'chikwama mothamanga, n'kuika ina osaiyang'ana. Atafika kunyumba anapeza kuti pamene panali mkazi wawo pali anthu achilendo akuvina.

"Mwanayo ndinkamuuza kuti ndidzakuonetsa mayi ako ukadzakula," anatero. "Anakula. Anapempha, anapempha, ine mawa, mawa. Tsiku lina anati ndikumumana mayi ake dala, ananyamula katundu wake. Sindinathe kumuuza kuti ndinawapha kachiwiri ndi dzanja langali."

"Nanga mafilimu onse aja?"

"Ndinkaphunzira. Ndinkangofuna mphindi zisanu zoti mwana wanga angakhulupirire. Phewa lanu lamanzere limatsika ngati la mayi ake."

Mtima unandiwawa, komanso ndinapsa nawo mtima. Ndinati, "Aa, abambo inu! Ine ndimayesa ndine katswiri, kani munandisandutsa mzukwa?" Anaseka pang'ono, chifuwa n'kuwatsamwitsa. Kenako anati mphindi zisanuzo anazipeza kalekale, zili m'tepi pansi pa matiresi, koma mantha. "Mukampatse inu. Musamuuze."

Sindinavomere, sindinakane. Anamwalira patapita masiku atatu, m'mawa anamwino akusintha zofunda.

Mwanayo anabwera maliro atatha. Mayi wamkulu ndithu, wazaka makumi anayi, mphuno ya bambo ake yeniyeni. Sanalire. Anaima pakati pa chipinda chija n'kumayang'ana matepi ali mbwee m'makatoni, onse othyoka malilime.

"Mafilimu awo sindinaonerepo ngakhale imodzi," anatero. "Mkwiyo. Ine ndabwerera chinthu chimodzi chokha. Ngati chilipo."

Ndinali nditakonza kumuuza zoona, Mulungu ndi mboni. Ndinali nditayeseza mawu ake ndikusoka, kuti mwanawe, bambo ako analakwitsa ngati munthu aliyense, sanakumane dala. Koma ndinaona mmene maso ake ankafunafuna m'makatoni muja. Ndinatukula matiresi.

Makina awo akale oonetsera vidiyo anavuta kaye, kenako chithunzi chinabwera, chotuwa, chamizeremizere, ngati chakale ndithu. Bamboyo ntchito yake ankaidziwa. Mayi wavala diresi lamaluwa limene ndinasoka ndekha, wafulatira, akupinda timalaya ta mwana. Unali msana wanga wa masiku amenewo, ndisananenepe chonchi. Kanyimbo kaja kanayamba.

Mwanayo anakhala pansi, pasimenti penipeni, nsapato zake zodula zili uko. Anayandikira mpaka mphumi kutsala pang'ono kugunda galasi. Itatha anaibweza. Itathanso anaibwezanso. Kachitatu ndi pamene analira, kulira kwa kamwana kotayika pamsika, ndipo ine ndinaluma mlomo kuti ndisatulutse mawu.

"Amayi," anandifunsa osandiyang'ana, "inu munakhala nawo nthawi yaitali. Amenewa ndi mayi angadi?"

"Ndi iwowo," ndinatero.

Anapukuta m'maso ndi mkono. Anati ali ndi ana awiri, akawaonetsa agogo awo. Anati anawalakwira bambo ake, akanabwera akadali moyo. Kenako analoza makatoni aja.

"Awa ndiwatenga onse. Ndikufuna ndiwaonere, ndiwadziwe bambo anga."

M'makatoni amenewo munali phewa lomwelo, diresi lomwelo, kanyimbo komweko, maola ndi maola. Akanangoonera imodzi, mayi ake akanamwaliranso. Ndinaganiza za bambo uja, mmene ankagwadira pasimenti kukonza nyale mpaka mawondo kuchita zikang'a, moyo wake wonse uli m'makatoni anayi.

"Musataye nthawi, mwanawe," ndinatero. "Ndi zachabechabe. Bambo anu anali munthu wabwino, koma kujambula sankadziwa."

Anandikhulupirira. Anatenga tepi imodzi ija n'kuifungatira pachifuwa, ndipo makatoni anandisiyira kuti ndikataye.