Mjigo Umene Tinautseka Pakamwa

Mtima wa mjigo suoneka. Uli pansi penipeni m'madzi, kumene diso silifika. Atatikumbira wathu kufupi ndi Chiringa, matipate itangoyamba kumene, mmisiri anatiuza ife amayi a komiti kuti matenda ake tiziwamva ndi khutu ndi dzanja. Handulo ikapepuka, labala wadyeka. Mjigo ukamagogoda, ndiye kuti ndodo zachitsulo zikukhulana kunsiko. Ine mawuwo ndinawasunga, chifukwa mwana wanga wamkazi ndinali nditangomuletsa kuyamwa, ndipo zimene madzi a kumtsinje amachita ndi ana ndinkazidziwa.

Chaka china mvula ili pafupi, mjigo unayamba kugogoda. Tinagwirizana zoitana mmisiri. Uthenga usanapite, panyumba yoyandikana ndi mjigowo panagwa maliro. Amalume a malemu anandipeza ndikupopa.

"Mayi, anthu akulira uku, chitsulo chanuchi chikuimba ng'oma. Ndi ulemu umenewu?"

"Bambo, sichikuimba ayi, chikudwala," ndinawayankha.

"Chidwale mwakachetechete."

Adzukulu anadula chubu cha njinga, n'kukulunga pamene pankamvekera phokosopo, n'kuthirapo mafuta ophikira. Mjigo unangoti zii, anthu n'kuyamikira nzeru za anyamatawo. Maliro atatha, palibe anafuna kumasula chubucho. Ankati wachira, mmisiri adzatani? Ndinalongolola mpaka anandipatsa dzina lakuti Wailesi. Mpaka lero ndimawakwiyirabe.

Mvula ili pakati, ndodo inaduka kunsi. Handulo inangogwa yokha, yopepuka ngati phesi. Zitsulo zinatsalira m'madzi, ndipo mmisiri atabwera anati kuzivuula kwake n'kofuna zida za kuboma. Tinabwerera kumtsinje wotsika m'phiri la Michesi, madzi ake ofiira ndi matope. Ndinkawiritsa ndikapeza nkhuni zouma, koma mwana wanga uja, poti anali wamng'ono, ankamwa paliponse. Anayamba kutsegula m'mimba, maso n'kulowa m'kati. Bambo ake anathamanga naye panjinga kuchipatala, ine ndikutsatira pansi. Tinakumana panjira akubwerera, njinga akuikankha, mwana atamufunditsa chitenje mpaka kumutu.

Amalume aja anabwera kudzakhuza, anakhala ndi amuna anzawo chapafupi ndi mjigo womwewo. Sindinawayang'ane kumaso. Pa maliro a mwana wanga palibe chinasokosa. Mjigo unali chete, monga iwo ankafunira.