Tsiku Limene a Jairos Anapita ndi Madzi Kumaliro

Ine ndine Ennie, ndimayankha foni ku ofesi ya ozimitsa moto kuno ku boma. Mukaimba n'kumva mzimayi akukukalipirani kuti, "Lekani kulira, nenani malo!" ndiye kuti mwapeza ine. Ofesi ndikunenayi musaiganizire patali. Ndi chipinda chimodzi, tebulo, benchi, ndi shedi yamalata momwe mumagona galimoto yathu yofiira. Antchito tinalimo asanu. Bwana wathu ndi ba Mwansa, a ku Luapula. Paskale ndi Evans amagwira mapaipi, ine pafoni. Wachisanu, mwini nkhani ino, anali a Jairos Chulu, dalaivala.

Dalaivala mmodzi yekhayo, mundimvetse bwino. Pepala limati azikhala atatu osinthana, koma pepala siliyendetsa galimoto. A Jairos akadwala malungo, ine ndinkapemphera kuti boma lonse liphike mosamala.

Anabadwira ku Malama, sukulu anasiyira giredi seveni. Anayamba ndi kukweza mabelo a thonje palole, n'kumaba ndi maso zomwe dalaivala amachita, mpaka tsiku lina anakhala pachiwongolero okha. Zaka khumi anatuta thonje kuchokera ku Msoro kupita ku Chipata. Galimoto yozimitsa moto itafika kuno, kunalibe wina wa laisensi ya galimoto zazikulu, ndiye anawatenga. Anaiyendetsa zaka sikisitini. Ndi munthu wamfupi, amayamba waika khushoni pampando kuti aone msewu, ndipo ine ndinkawaseka kuti galimoto ikubwera yokha. Samwa, sakweza mawu. M'mawa uliwonse ankagogoda thanki ndi chibakera n'kutchera khutu ngati akusankha chivwende, geji yoonetsa madzi ili pomwepo. Panatsala miyezi seveni kuti apume pantchito ndi dzina loyera.

Unali Okutobala, ndipo amene anakhalapo m'chigwa muno mwezi umenewo akudziwa. Mtsinje wa Lupande unali mchenga wokhawokha. Malo okha odzazira thanki anali mjigo wa magetsi kuseri kwa maofesi, pomwe magetsi masiku amenewo ankathima teni koloko m'mawa n'kubwera eyitini awazi madzulo.

Lachiwiri amayi ake a mkazi wa a Jairos anamwalira kumudzi, makilomita thwelofu kuchokera pano. Mjigo wa m'mudzimo unali utafa sabata ziwiri, azimayi akukumba mumchenga kuti apeze ndowa imodzi. Tsono kwathu kuno mkamwini pamaliro a apongozi sakhala pampando. Amawaza nkhuni, amathamangira bokosi, ndipo chomwe akulu a mkazi wake anena sayankha. A Amon, malume ake a mkazi wawo, anangonena pamaso pa anthu kuti, "Tili ndi mkamwini woyenda ndi mtsinje pagalimoto. Nanga anthu avutikirenji?" Basi, nkhani inathera pomwepo.

Lachitatu sikisi koloko ndinawapeza a Jairos ataima pakhomo la ofesi, chipewa chili m'manja. Ba Mwansa anali ku Chipata kumsonkhano.

"Amake mwana, mwadzuka bwanji? Ndili ndi pempho."

Atafotokoza ndinalumpha. "A Jairos, mwapenga? Mwezi uno? Anthu akutentha tchire mbali zonse kusaka mbewa, inu mukatsanulire madzi a moto m'madiramu?"

"Ndingowapungulira theka. Naini isanakwane ndabwera, ndadzaza, magetsi akadalipo."

"Nanga foni ikalira?"

"Siilira m'mawa. Moto wa kuno umayamba masana, mukudziwa nokha." Anapotokola chipewa chija. "Ndikapita manja lendelende, mkazi wanga ayang'ana bwanji abale ake? Ndi amayi ake, Ennie."

Pakamwa panga ndi polusa, koma mtima ndi wa nkhuku. Ndinawapatsa makiyi a shedi. Anandimvetsa chisoni, ndipo mpaka lero ndimadzitukwana.

Naini inakwana, zii. Hafu pasiti naini ndinaimba, foni yawo sikupezeka. Ndinatuluka kukaima pamsewu, ndinalowa, ndinatulukanso. Paskale ndi Evans anasiya kusewera nsolo pansi pa mtengo n'kumangondiyang'ana. Teni koloko fani ya m'ofesi inayamba kuzungulira mwaulesi, kenako inaima.

A Jairos anafika leveni itadutsa, fumbi lili mbuu. Sindinafunse n'komwe, galimoto inkachita kudumpha m'maenje ngati ngolo yopanda katundu.

"Theka lija lili kuti?"

Anayang'ana pansi. Akuti atadzaza madiramu a pamaliro, kunatulukira azimayi a mudzi wonse ndi zigubu, kenako a mudzi woyandikana nawo, ena ali ndi ana kumbuyo. Adzukulu okumba manda anapempha madzi ofewetsera nthaka, inali gwa ngati simenti. A Amon ali chilili pambali, akulozera wotsatira. Mkamwini akanatseka bwanji mpopi?

"Mwatipha, a Jairos! Mwatipha tonse!" Ndinawakalipira mpaka mawu anasasa. Iwo anangoti, "Pepani."

Ndiye tinakhala pansi kudikira eyitini awazi. Anthu anayi, foni ili patebulo. Mphepo yotentha ija inayamba kuwomba kuchokera kumapiri, ikunyamula mapepala ndi mankhusu. Evans ankangotuluka kukayang'ana kumwamba. Utsi unalipo kutali cha kutchire monga masiku onse, koma tsiku limenelo utsi uliwonse unkandilasa pamtima. Thwelofu koloko foni inalira, ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Anali munthu wofunsa ofesi ya malo. Ndinamutukwana, mwana wa eni wosalakwa.

Fotini awazi masana foni inaliranso.

"Moto! Kwa amai Ketty, kuseri kwa msika! Fulumirani!"

Amai Ketty ndi mayi wamasiye, amakazinga zitumbuwa. Mafuta anagwira moto m'khitchini yaudzu, ndipo pafupi pomwepo panali nkhokwe ndi nyumba.

Tinayang'anizana. A Jairos milomo inali itayera. "Tikhale?" anafunsa. Paskale anati tipite ndi mafosholo ndi zomenyera moto, kusiyana n'kungokhala. Anakwera. Atangotuluka pageti ndinamva sayirini ikulira, ndipo ndinagwira mutu. Dzanja la a Jairos linaiyatsa lokha, monga linkachitira zaka zonsezi.

Zotsatirazi anandiuza ndi Paskale. Anthu a pamsika anali atapanga mzere kuchokera pachitsime cha oyandikana nawo, ndowa ikuyenda dzanja ndi dzanja, ena akuthira mchenga. Khitchini inali itapita, koma moto anali ataugwira pakhosi, sunadumphe. Atamva sayirini anakuwa, "Abwera! Abwera!" Anaika ndowa pansi n'kupatuka, ena akukankha anzawo kuti apereke njira. Ndife tinawaphunzitsa zimenezo. Tinayenda m'misika ndi m'masukulu kuwauza kuti galimoto ikafika, aliyense abwerere m'mbuyo.

Evans, posadziwa chochita ndi maso onse aja, anatambasula paipi. A Jairos anatsegula pampu. Paipi inalavula madzi okwana ndowa ziwiri zitatu, kenako inangotsokomola mpweya. Anthu anaima duu, kudikira kuti mwina ayambanso. Paskale ankakuwa kuti, "Tengani ndowa! Bwererani pamzere!" koma ndani akanamva msanga? Pomwe amazindikira, mphepo inali itaponya moto pankhokwe. Kuchoka pankhokwe unakwera denga la nyumba. Chimanga cha chaka chonse, m'chaka cha chilala, chinapsa anthu akuona. Munthu sanafe, tithokoze Mulungu. Amai Ketty anapulumutsa matiresi ndi Baibulo.

Anabwerera galasi lakutsogolo litang'aluka ndi mwala umene anthu okwiya anaponya, a Jairos nsidze zitawauka chifukwa analowa ndi fosholo mpaka pakhomo. Anakhala pabenchi.

Ine ndinatsegula buku lomwe timalembamo zochitika za tsiku. Ndinalemba nthawi, malo, dzina. Pa mzere wa chifukwa, cholembera chinaima. Kenako ndinalemba kuti, "Pampu inakana."

"Ennie, musalembe zimenezo," anatero a Jairos.

"Khalani chete! Miyezi seveni yokha. Mukufuna mupite kumudzi ndi kalata yochotsedwa ntchito? Mudzadya chiyani, ulemu wa apongozi?" Ndinatembenukira anyamata aja. "Inunso mwamva? Pampu inakana." Anagwedeza mitu.

Ba Mwansa anabwera Lachinayi nkhope ili gwa. Anawerenga bukulo kawiri, anapita kushedi, anati a Jairos ayatse pampu. Thanki tinali titadzaza, ndipo madzi anatuluka mwamphamvu mpaka kugwetsa nthambi ya mtengo.

"Nanga dzulo inakana bwanji?"

"Makina akale, bwana," ndinayankha ndili kumbuyo, asanatsegule pakamwa a Jairos.

Ba Mwansa anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analemba lipoti lopempha pampu yatsopano.

Masiku otsatirawo sindinadye bwino. Aliyense wolowa pageti ndinkati ndi uyu wabwera kudzaulula. Mudzi wonse unaona galimoto ija pamaliro, midzi iwiri! Ndinkadzilimbitsa kuti ndi kutali, anthu a kumeneko sabwera kuofesi kwathu. A Jairos anaonda ndikuona. Popita kunyumba ankazungulira njira ya kuchipatala kuti asadutse pamsika. Kawiri anandipeza ndili ndekha n'kunena kuti, "Ndikawauze bwana." Kawiri ndinawabweza ndi mawu oti sindingawabwereze pano. Sabata itatha ndinayamba kupuma pang'ono. Ndinaiwala kuti mlandu suola.

Kwathu maliro akatha, anthu atasesa ndi kumeta, abanja amayenda kukathokoza onse amene anawagwira dzanja. Sasiya ndi mmodzi yemwe, ndi manyazi aakulu. Ine wobadwira konkuno, zimenezi sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

Lolemba la sabata yachiwiri, cha m'ma naini, pageti panalowa mkulu wina akukankha njinga. Jekete yakuda m'kutentha konse kuja, nsapato zopukuta, pakeriya atamangirira tambala wamkulu wofiira. A Jairos anali kutsuka matayala. Nditaona momwe anaimirira, madzi akuchucha m'nsanza, ndinadziwa kuti awa ndi a Amon.

Ndinathamangira pakhomo. "Mwadzuka bwanji, atate? Bwana kulibe, mubwere tsiku lina."

"Ndilipo," anatero ba Mwansa kumbuyo kwanga. "Lowani, tata."

Mkuluyo anavula chipewa, anakhala pabenchi, anaika tambala pansi n'kuwomba m'manja mwaulemu. Analankhula pang'onopang'ono, mawu okonzeka kale, ochokera pansi pa mtima. Anati banja lamutuma. Anati pa chisoni chawo sanayembekeze kuti boma lingawakumbukire anthu a kutchire ngati iwo. Anati bwana amene amalola galimoto yaikulu chotere kupita kukapukuta misozi ya amphawi, Mulungu amuwonjezere masiku.

Ine ndinkatsokomola, ndinkagwetsa cholembera, ndinkawaponyera maso. Iwo ankangondimwetulira.

"Linali tsiku liti, tata?" anafunsa ba Mwansa mofatsa.

"Lachitatu lija, tsiku loika."

"Madzi anakwana?"

"Ha, bwana! Midzi iwiri inamwa. Mkamwini wathu sanabise ngakhale dontho, anatsegula mpaka thanki inalira."

Tambala uja ankapalasa simenti. Ba Mwansa anakoka buku lija, anatsegula tsamba la Lachitatu, analitembenuzira kwa ine.

"Ennie analemba zimene ndinamuuza ine."

Anali a Jairos, ataima pakhomo. Linali bodza, bodza lokhalo lomwe ndinawamvapo chiwadziwireni. Analowa, anatulutsa makiyi a galimoto m'thumba n'kuwaika patebulo.

Ba Mwansa anamenya tebulo. "Ba Chulu! Mukanandiimbira foni! Ndikanakana, inde, mukanawauza kuti bwana wakana, mlandu n'kukhala wanga! Tsopano mayi uja akugona kutchalitchi, ine ndatumiza lipoti labodza ndi siginecha yanga. Ndikutetezeni bwanji?" Ankawakonda a Jairos. "Pitani kunyumba. Kalata ikupezani."

Inawapezadi, patatha milungu itatu, ndipo yunifolomu sanaivalenso. Koma zimene sindiiwala ndi za m'mawa umenewo. A Amon anayang'ana bwana, anayang'ana ine, chipewa chikutsetsereka pamaondo. Anali asanamvetse, koma anaona kuti china chake chasweka.

"Kodi ana inu, ndalankhula molakwa?"

Ine ndinali nditadzaza kale m'kamwa kuti ndiwauze zonse, za nkhokwe, za matiresi, za miyezi seveni. A Jairos anandiyang'ana kamodzi, ndinameza. Anawerama, anatola chipewa cha mkuluyo chomwe chinali chitagwa, anachipukuta ndi mkono wa malaya n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Iyayi, atate, mwalankhula bwino. Mwachita ulemu kubwera. Tiyeni ndikuperekezeni, dzuwa lisanakule."

Anawagwirira njinga mpaka kumsewu.