Mano a Amayi pa Batire

Lero batire la wotchi latha, ndipo ndangozindikira ndikuliluma. Kuwawa kwa chitsulo palilime kwandibweza ku Libala, kumene ndinakulira.

Bambo, bondo litawasiyitsa kusewera mpira, ankaphunzitsa timu ya dziko. Masana amenewo timuyo inkasewera kunja kwa dziko, ndipo aliyense ankanena poyera kuti ikaluzanso, bambo ntchito yatha. Nyumba imene tinkakhala inali yakuntchito.

Mpira uli pafupi kutha, wopanda chigoli, wailesi yathu inayamba kunong'ona, kenaka zii. Zaka zimenezo mabatire ankasowa m'masitolo, ndipo athu tinali titawaanika kale padzuwa.

"Thamanga kwa ba neba, ukamvele," anatero amayi.

Ndinabwerako ndikulira. Ba neba anandibweza pakhomo, ati mwana wa kochi awabweretsera tsoka.

Amayi anatulutsa mabatire aja n'kuyamba kuwaluma limodzilimodzi, mpaka mlomo unatuluka magazi. Anawabwezera mu wailesi.

Wailesi inatsokomola, woulutsa mpira n'kukuwa: "Chalowa! Chalowa!" Mawuwo anayambanso kuzilala.

Amayi anaigwira ndi manja awiri n'kuigwedeza.

"Chalowa kwa ndani, iwe? Kamba! Kwa ndani?"