Mpando wa Kumbuyo

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi. Ine si mlembi. Ntchito yanga ndi yopereka mankhwala pazenera la chipatala, ndipo ndime ino yokha ndaifufuta kangapo. Koma alamu anga apuma pantchito chaka chino, ndipo ndaopa kuti nkhani yawo ingathere m'macheza. Pamene ndaphonya, vuto ndi langa, osati lawo.

Alamuwo ankaphunzitsa masamu pasukulu ya sekondale ya kuseri kwa yunivesite. Sukuluyo inayamba ngati tizipinda tochepa tomata kukhoma la nthambi ya zauphunzitsi, cholinga chake kuti ophunzira uphunzitsi azipeza pafupi ana oyesererapo. Ana a mapulofesa, a ophika ndi a alonda ankapanikizana pabenchi imodzi. Lero ili ndi labotale, laibulale ndi mbiri yokhoza bwino mayeso a boma, koma kageti ka pampanda wa yunivesite kadakalipo. Chaka ndi chaka oyeserera amatulukira pamenepo, nsapato zili phuliphuli, mtima uli m'mwamba.

Lamulo la pasukulupo n'lakale: woyeserera akalowa, mwini kalasi amapereka choko n'kukakhala pampando wa kumbuyo, osatsegula pakamwa mpaka belu. Alamu anakhalapo nthawi yaitali moti ana anawatcha Anakumbuyo. Iwo sankadandaula. Ankati ophunzira awo amawazindikira msanga ndi nkhongo kuposa nkhope.

Ana nawonso anali ndi kamwambo kawo, ankakatcha kunyamula mlendo. Tsiku limene mkulu woyesa wabwera kuchokera ku yunivesite kudzaonerera, odziwa ankasunthira kutsogolo, mafunso ankawameza, ndipo woyeserera akafunsa ngati amva, onse ankayankha pamodzi kuti tamva. Sichinali chipongwe. Ankangomumvera chisoni munthu wotuluka thukuta pabolodi. Anakumbuyo ankazidziwa ndipo ankazilekerera, chifukwa alendowo akapita ankabwereza okha zonse zimene zinadutsa pamwamba.

Chaka china oyeserera anafika mochedwa, mayeso a boma atayandikira, moti nthawi yobwereza panalibe. Kalasi yomaliza inapatsidwa mnyamata wamtali amene ana anamutcha Taye, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo sankamasula taye pakhosi. Aliyense ankadziwa kuti analephera kale kamodzi, ndipo kulepheranso kunali kutsanzikana ndi uphunzitsi. Ana ankamukonda. Tsiku loyesedwa anamunyamula ndi manja awiri.

Phunziro linali la ngodya. Taye anathamanga nalo, choko chikuthyoka, manambala akutsetsereka pabolodi. Mkulu woyesa, amene anakhala pambali pa Anakumbuyo, ankagwedeza mutu mokhutira. Taye anatembenuka n'kufunsa ngati amva, ndipo kalasi inayankha ngati kwaya. Koma pabenchi yomaliza, mwana wa mlonda, mtsikana wachete amene ankafunitsitsa kudzalowa yunivesite yomweyo, anatukula dzanja pang'ono. Mnzake anamukoka malaya, dzanja lija n'kutsika.

Zimenezi zimaoneka kwa wokhala kumbuyo yekha. Anakumbuyo anayang'ana nkhongo zija, zonse zowerama, zolembera zitaima. Akanakhala chete, Taye akanapulumuka, ana n'kukakumana ndi ngodyazo m'chipinda cha mayeso. Akanalankhula, akanaswa lamulo n'kumugwetsa mwana wa eni. Anandiuza kuti mpando uja, umene anauzolowera ngati wa kunyumba, tsiku limenelo unkawatentha.

Ndiye anatukula dzanja, ngati mwana wasukulu, n'kudikira.

Taye anayesa kusaliona, koma dzanja la munthu wamkulu silibisika.

"Inde, mayi?"

"Aphunzitsi, ine sindinamve. Pamene mwagawa pawiri paja, ndinatsala pomwepo."

Wina kutsogolo ananong'ona kuti agogo aiwala masamu awo omwe, koma palibe anaseka. Taye anabwereza monga poyamba. Anakumbuyo anapukusa mutu. Anabwerezanso, ndipo ulendo uno mwana wa mlonda nayenso anapukusa mutu, kenako ena angapo. Apo Taye anaika choko pansi, anamasula taye ija, n'kupita pachitseko. Anachitsegula pang'ono, kenako kwambiri, akufunsa ana kuti ngodya yakula kapena yachepa, ndipo n'chiyani chimene sichikusintha. Mayankho anabwera olakwika, okanganirana, koma anali awoawo. Belu linalira phunziro lisanafike ndi pakati pomwe.

Mkulu woyesa anati phunziro losatha sangalipatse malikisi, adzabweranso sabata yotsatira. Ahedi anawaitana Anakumbuyo n'kuwakumbutsa lamulo. Iwo anavomera kuti alipinda ndithu, ngakhale anadikira kuti alozedwe. Taye anawapeza m'chipinda cha aphunzitsi akutsuka kapu.

"Mayi, mwandipha."

"Mwanawe, ana awa amakukonda, n'chifukwa chake akukunamiza. Kumene ukupitako kulibe wokhala kumbuyo."

Sabata yonseyo Taye sanawapatse moni. Tsiku loyesedwanso litafika, Anakumbuyo anakhala pampando wawo, manja ali pamiyendo, akudziuza kuti mnyamatayu akagwa, adzakhala amugwetsa ndi iwo. Taye anaphunzitsa zochepa, pang'onopang'ono, ndipo sanafunse ngati amva. Anapatsa choko mwana wa mlonda kuti awonetse anzake. Mtsikanayo analakwitsa, mnzake wokoka malaya uja anamukonza, phunziro linatha belu likulira. Taye anakhoza, ngakhale malikisi ake sanali oti n'kunyadira. Potuluka pakageti anabwerera kudzawagwira dzanja Anakumbuyo.

Sindinganame kuti kunyamula mlendo kunatha. Alamu akuti kudakalipo, ndipo iwo sanatukulenso dzanja mpaka kupuma. Kamodzi kaja kanawakwanira. Za mtsikana uja sindinafufuze bwino, choncho sindilembapo.

Koma ine pazenera panga ndimafotokoza kamwedwe ka mankhwala mothamanga, mzere uli wautali, n'kumaliza ndi funso lomwe lija. Odwala amati tamva, mwina pondimvera chisoni. Kuyambira mawa funsoli ndalisiya. Ndizimupatsa munthu botolo lake m'manja, ndimupemphe kuti andifotokozere mmene akamwere, ndipo ndizidikira, ngakhale a pamzere ang'ung'udze.