Timekisiko ta Eppo Wieringa

Eppo Wieringa anakumana ndi Swaantje koyamba tsiku limene anapita kukakalipa ku nazale ya bambo ake a mtsikanayo. Anapalasa njinga kuchokera kuminda ya kachewere kumene ankagwira ntchito, mphepo ikumuwomba kumaso njira yonse, kumbuyo atamangirira kabokosi kamatabwa kodzaza dothi. M'kabokosimo munalibe kanthu kobiriwira ngakhale kamodzi.

Anakatula patebulo m'nyumba yamagalasi, momwe mtsikanayo ankawokera mbande m'timiphika.

"Bambo anu ali kuti?"

"Apita kumsika. Mwabwera kudzatigulitsa dothi?"

"Ndabwera kudzabweza. Munandipatsa fumbi m'malo mwa mbewu. Ndadikira mpaka amayi ayamba kundiseka kunyumba."

Swaantje anapukuta manja pa epuloni n'kusuzumira m'kabokosimo. Mbewu imene mnyamatayu anagula inali ya ageratamu, maluwa aja aubweya, amtundu wa thambo, amene kwathu kuno, kudziko lozizira la kumpoto, timawatchula kuti timekisiko chifukwa makolo ake anachokera ku Mexico.

"Munafesa bwanji?"

"Mmene amafesera anthu onse. Ndinakumba, ndinaika, ndinakwirira." Anaonetsa kuya kwake ndi chala chonse chamkombaphala. "Kenako ndinatsendera ndi chikhatho kuti isazizidwe."

Swaantje anaseka mpaka anakhala pansi pathumba la manyowa.

"Mumagwira ntchito ku kachewere, eti?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Amuna a ku kachewere nonse ndinu otero. Chilichonse mukachigwira mumachiika m'manda. Abusa akanakhala pafupi mukanaimbanso nyimbo."

Eppo makutu anafiira, koma sanachoke. Mtsikanayo anatenga kabokosi kena, anasefera dothi lofewa, analisalaza ndi kathabwa n'kulinyowetsa. Kenako anatsitsa kachitini pashelefu, anatapa mbewu ndi nsonga za zala, anaisakaniza ndi mchenga wouma n'kuiwaza pamwamba. Sanakwirire. Anangoikhudza pang'ono kuti igwirane ndi dothi, n'kuvundikira kabokosiko ndi galasi.

"Iyi imafuna kuona kuwala kuti idzuke," anatero. "Muiike pazenera lofunda. Madzi muzithira m'mbale pansi, dothi lizimwa lokha. Mukathira pamwamba muikokolola."

Anamuuzanso kuti mbewu ya m'kachitinimo sinali yogulitsa. Bambo ake anaisankha okha kuchokera ku duwa limodzi limene linatalika kufika m'maondo, lamtundu wakuya kuposa anzake, ndipo chaka ndi chaka ankakolola ya maluwa okhawo ofanana nalo. Kusitolo kunali timekisiko tatifupi totuwa. Totere kunalibe kwina kulikonse.

"Mukaipha nayonso, musadzapondenso pano."

"Nanga ikamera?"

"Ikamera mudzabwere mudzandiuze."

Inamera. Eppo anapalasa njinga kukanena. Titatuluka timasamba tachiwiri anapitanso kukanena. Anakanenanso za nkhono imene anaipeza m'mphepete mwa kabokosi, ndi za mbande ina imene inapendekeka. Bambo a Swaantje anafika pofunsa mwana wawo ngati mnyamatayo akufuna ntchito kapena mkazi, chifukwa khofi wa pakhomopo ankatha msanga. Maluwawo pamene ankachita mbewu, nkhani inali itafika kale kwa abusa.

Nazale ija inadzagulitsidwa bambo a Swaantje atamwalira, pamalopo n'kumangidwa nyumba. Kachitini kaja kanapita ndi Swaantje ku kanyumba kawo kanjerwa zofiira m'mphepete mwa ngalande, ndipo kuyambira pamenepo mtundu wonse wa timekisiko timeneti unali m'manja mwa anthu awiri. Duwali silipirira chisanu. Usiku woyamba wozizira kwambiri limada n'kugwa. Mbewu yake nayo ikagonera zaka imafooka. Ndiye chaka chilichonse inkayenera kufesedwa, kuleredwa, kuchita maluwa ndi kukololedwanso. Chaka chimodzi chokha cholephera chikanathetsa zonse.

Eppo, amene manja ake anali ngati mafosholo, anasanduka mlezi wa tinthu tosaoneka bwino ndi maso. Malichi akafika, mazenera onse oyang'ana kummwera, kumene dzuwa limadutsa, ankadzaza mabokosi. Makatani ankachotsedwa. Mphaka ankalandidwa malo ake ogona ndipo ankakhala wokwiya mpaka Meyi. Mwana wawo Hilje anakula akudya buledi wake wammawa ali chiimire, popeza tebulo linali la mbande. Bambo ake akaweruka kumunda, matope a makande ali m'nsapato, ankasamba m'manja kawiri, n'kukhala pansi kuzula mbande imodziimodzi ndi kamtengo ka machesi. Ankaigwira patsamba, osati pathunthu. Zikakula pang'ono ankazitsina nsonga kuti zichite nthambi, akuzipepesa chapansipansi.

Kutsidya kwa mpanda kunkakhala Tammo, woyendetsa galimoto ya mkaka, munthu wa pakamwa posauma.

"Aneba, ana anu agona bwino? Mwawasintha matewera?"

"Agona bwino. Nanga kabichi wanu uja mbozi zamusiyirako dzina?"

"Kabichi amadyedwa, aneba. Inu mudzadya buluu?"

Kwathu kuno mpingo wathu sulabadira za oyera mtima, koma alipo ochepa amene ngakhale mkulu wa mpingo amawaopa. Ndi Oyera a Chisanu, amene masiku awo amagwa pakati pa Meyi. Asanadutse amenewo, munthu wanzeru satulutsa mbewu yanthete kukagona panja, kaya kunja kukufunda bwanji. Chaka china Epulo anafunda ngati chilimwe. Anthu anavula majekete, ng'ombe zinatuluka m'makola, ndipo Tammo anadzala nyemba zake poyera akuimba mluzu.

"Mukudikirabe oyera mtima, aneba? Ndimayesa ndinu a mpingo wathu. Kapena mwayamba kupemphera kwa Papa?"

Mawu amenewo anamulowa Eppo. Loweruka lomwelo anatulutsa mabokosi onse n'kudzala mzere wautali kuchokera pakhomo mpaka pamlatho wa pangalande. Swaantje anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Iwe, wafunsa ndani?"

"Taona dzuwali, mkazi wanga. Chisanu chapita."

"Chapita kukatenga abale ake."

Zotsalira, timbande tofooka topindika miyendo, anamuuza mkazi wake kuti akataye kudzala la zinyalala.

Mmawa wina, sabata isanathe, udzu unadzuka woyera ngati wathiridwa ufa. Eppo anatuluka wosavala nsapato. Mzere wonse unali wakuda, masamba ali lende ngati nsanza zonyowa. Mbewu anali atafesa yonse, kachitini kanali mbee. Anakhala pamwala wapakhomo. Kutsidya kwa mpanda Tammo anayang'ana nyemba zake zakufa, anayang'ana mnzakeyo, n'kubwerera m'nyumba.

Swaantje anabwera ndi khofi, anamupatsa, anadikira kuti amwe. Kenako anamugwira dzanja n'kupita naye kuchipinda chochapira. Pazenera, kuseri kwa ndowa, panali timbande topindika tija, tili moyo.

"Unati ndikataye," anatero. "Koma sunanene kuti liti."

Chaka chimenecho mzere unali waufupi, wosafika ndi pampanda pomwe, koma unachita mbewu. Tammo anabwera ndi ndowa ya manyowa a ng'ombe, ndipo patapita masiku anayambiranso chipongwe chake.

Zaka zinayenda. Mzere wa buluu uja unakhala chizindikiro cha mudzi, moti munthu akasochera ankauzidwa kuti akhotere pa timekisiko. Agulugufe ankachita msonkhano pamenepo dzuwa likawala. Akwati ankapempha nthambi zingapo zoika m'maluwa awo, ndipo a Eppo, amene tsopano imvi zinali mbuu, sankakaniza munthu. Ankangoyenda madzulo ndi ndowa, kubudula maluwa ofota kuti ena aphuke, n'kusiya abwino koposa kuti akhwime. Swaantje anamwalira m'nyengo yokolola kachewere, timekisiko take tikadali pachimake. Malichi wotsatira a Eppo anafesa monga mwa nthawi zonse. Ankati akaweramira mabokosi amamva ngati wina waima kumbuyo kwawo manja ali m'chiuno.

Chimene chinawachotsa m'kanyumba kaja ndi chiuno. Anagwa pamasitepe m'nyengo yamvula, nthawi yeniyeni yokolola mbewu, ndipo pamene ankatuluka m'chipatala maluwa anali ataola panja. Hilje anangopulumutsako timitu tochepa touma. Atatipukusa, mbewu yake sinadzaze ngakhale nsonga ya supuni. Kenako anawapezera chipinda kunyumba ya okalamba m'tauni, choyera, chofunda, cha anamwino aulemu. A Eppo atalowa sanayang'ane bedi kapena bafa. Anapita molunjika pazenera.

"Hilje, zenera ili layang'ana kumpoto."

"Bambo, zipinda za kummwera ndi zodzaza."

"Ndiye mbewu ya amayi ako idzuka bwanji?"

Malichi atayandikira anayamba kuyenda m'khonde la kummwera akukankha chowayendetsa chamatayala, akusuzumira zitseko zotsegula ngati munthu wofuna mbeta. Zenera labwino koposa linali la mayi Bolhuis, amasiye onenepa, osekaseka, amene kale ankagulitsa nsomba pamsika. Makutu awo anali atatha, koma sankavomera.

"Mayi, ndingabwereke zenera lanu?" anakuwa a Eppo. "Ndili ndi kabokosi kamodzi kokha. Ndi timekisiko."

"Inde, inde, bweretsani," anatero mayiwo akugwedeza mutu. "Inenso ndimazikonda kwambiri."

A Eppo anafesa mbewu yonse, popeza inali yochepa moti sakanatha kuigawa. Mmawa uliwonse ankagogoda kwa mayi Bolhuis, kupukuta nthunzi pagalasi, kuthira madzi m'mbale, kumwa khofi ndi kumvetsera nkhani za nsomba. Timbande tinatuluka, kabokosi kanachita kabweya kobiriwira. A Eppo anabwerera kuchipinda chawo akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Tsono kwathu kuno, Pasaka akamayandikira, pafupifupi nyumba iliyonse imafesa kersi pazenera, timasamba tating'ono toyabwa lilime timene timadulidwa ndi sizasi n'kuwazidwa pa buledi. Mayi Bolhuis anali atafesa kersi moyo wawo wonse. Kabokosi kobiriwira pazenera m'mwezi umenewo kwa iwo kankatanthauza chinthu chimodzi chokha.

Lamulungu la Pasaka a Eppo anapeza tebulo litayalidwa nsalu yoyera. Panali mazira owiritsa, khofi, ndi mbale ziwiri za buledi wa tchizi, pamwamba pake atawaza timasamba tobiriwira mokongola.

"Khalani pansi, bambo Wieringa. Mwavutika nazo, lero mulaweko. Ine ndayamba kale, koma ndinene zoona, kersi wanuyu ndi woipa. Mbewu munagula kuti?"

A Eppo anayang'ana buledi. Anayang'ana pazenera. Kabokosi kanali kometedwa bwinobwino ngati mutu wa msilikali.

"Lavulani, mayi."

"Mwati mchere?"

"Lavulani! Ndi maluwa amenewo, sadyedwa!"

Mayiwo analavulira m'kansalu. Namwino anabwera, anawamwetsa madzi, anawatsimikizira kuti pa kachidutswa kamodzi safa. A Eppo anafotokoza zonse pakamwa atayandikiza kukhutu kwa mayiwo: za nazale, za kachitini, za Swaantje. Mayi Bolhuis, amene pamsika ankatha kutukwanizana ndi asodzi atatu nthawi imodzi, anagwira pakamwa misozi ili mbwembwembwe.

"Ndadya akazi anu," anatero.

A Eppo anayesetsa kukwiya, koma mawuwo anawagonjetsa. Anaseka mpaka chiuno chinawawa, kenako anapukuta m'maso, ndipo misozi inayo sinali ya kuseka. Ananyamuka kuti akataye dothilo.

"Lisiyeni pomwepo," anatero mayiwo. "Zenera ndi langa."

Sanawalole kulikhudza. Anapitiriza okha kuthira madzi m'mbale, anabisa sizasi m'kabati, ndipo woyeretsa m'chipinda akayandikira pazenera ankamuthamangitsa ndi mawu a kumsika. A Eppo ankabwerabe kudzamwa khofi, koma ankakhala chofulatira zeneralo.

Mmawa wina mayi Bolhuis ndiwo anagogoda kumpoto kwa a Eppo, atavala chovala chogonera, magalasi ali pamphuno.

"Bwerani mudzaone. Kapena ndi udzu, ine sindidziwa."

Pakona pa kabokosi, pomwe dothi linkachedwa kufunda, panali timadontho tobiriwira tochepa. Inali mbewu yaulesi, imene inagonabe pamene inzake inkadzuka, ndipo sizasi inaidutsa pamwamba. A Eppo anaweramira pafupi nthawi yaitali.

"Si udzu," anatero.

Anadzala timbandeto m'bwalo lamkati mwa nyumbayo, pafupi ndi benchi, ndipo tinatalika kufika m'maondo. Okalamba ankakokera mipando yawo pamenepo kudzaona agulugufe. Mayi Bolhuis anadziika okha kukhala mlonda, ndipo ankauza mlendo aliyense kuti maluwawo iwo amawadziwa kuposa wina aliyense, mpaka kukoma kwake.

Mu Okutobala, masana ena owala, awiriwo anakhala patebulo la mayiwo ndi mbale yoyera pakati. Zala za a Eppo zinali zitauma ndi ukalamba, choncho mayi Bolhuis ndiwo ankapukusa timitu touma, iwo akulangiza. Mbewu inkagwera m'mbale ngati tsabola wopera.

"Musapumire m'mbalemo, mayi. Mukangoseka, zonse ziuluka."

"Mwati chiyani?"

"Ndati musaseke."

Zimenezo anazimva. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, masaya anafufuma, ndipo anatembenukira kukhoma msangamsanga n'kuseka ndi thupi lonse, manja atawatambasulira kumbuyo kuti asagwedeze tebulo. A Eppo anaphimba mbale ndi zikhatho zawo zazikulu zija, n'kudikira kuti mayiwo amalize.